Mudzi umene moni unali mlandu

Kamtsinje ka Tannbach n'kakang'ono moti mwana wa sitandade 3 akhoza kukalumpha osanyowetsa nsapato. Ndinaima m'mbali mwake m'mawa wina wa mwezi wa Okutobala, manja ali m'matumba chifukwa cha kuzizira, n'kumayang'ana madzi akutsetsereka mwakachetechete pakati pa udzu. Kwathu timadzi totere sitivutika n'kutipatsa dzina, timangoti kukhwawa. Koma kamtsinje aka kanang'amba mudzi umodzi pakati pa mayiko awiri kwa zaka 40, ndipo kwa zaka 23 mwa zimenezo m'mbali mwake munali khoma la konkire lotalika kuposa mamita 3.

Mudziwu dzina lake ndi Mödlareuth. Uli m'dziko la Germany, pamene chigawo cha Bavaria chakumanirana ndi chigawo cha Thuringia, makilomita osafika 20 kuchokera mu mzinda wa Hof. Anthu okhalamo sapitirira 50. Mnzanga amene amagwira ntchito ku Hof ndiye ananditengerako pa galimoto yake, ndipo m'njira tinadutsa minda yokololedwa kale, nkhalango za mitengo yangati paini, ndi timidzi ta nyumba zamadenga osongoka. Anandiuza kuti mawu akuti "reuth" amene ali kumapeto kwa dzinali amapezekanso m'mayina ena a dera lomwelo, monga Bayreuth, ndipo amanena za malo amene anthu anagwetsa mitengo kuti alimepo. Dzina la mudziwu likukumbutsa za anthu amene anaswa mphanje m'nkhalango zaka mazana ambiri zapitazo. Anali alimi, ndipo mpaka lero fungo la khola limakulonjera usanatsike n'komwe galimoto.

Ine ndinakulira kufupi ndi Lizulu, m'boma la Ntcheu, kumene msewu waukulu wa M1 ndiwo malire. Ukaima tsidya lino uli ku Malawi, ukawoloka phula uli ku Mozambique. Amayi ankandituma kukagula mbatata ya kachewere ndi kabichi mbali iliyonse imene zatchipa, ndipo palibe tsiku limene ndinaganizapo kuti ndatuluka m'dziko. Mwina n'chifukwa chake nkhani ya Mödlareuth inandilowa mumtima chotere. Ndikudziwa mmene malire amakhalira akakhala ogona, ndipo kumeneko ndinakaona zimene zimachitika akawadzutsa.

Malire a pa Tannbach ndi akale kwambiri. M'zaka za m'ma 1500 kamtsinjeka kanaikidwa kukhala polekezera dziko la olamulira a ku Bayreuth ndi la banja lachifumu la Reuss. Mu 1810 anakhala malire a ufumu wa Bavaria ndi kadziko ka Reuss, ndipo miyala imene anazika nthawi imeneyo ina ikadalipo. Mbali imodzi ya mwala analembapo zilembo KB, kuimira ufumu wa Bavaria, mbali inayo FR, kuimira dziko la Reuss. Ndinagwada pa mwala umodzi n'kuyendetsa chala m'zilembozo, zodzadza ndere, zozizira ngati chitsulo. Anthu amene anazisema sakanalota n'komwe zimene mwalawo unadzasanduka.

Kwa zaka mazana onsewo malirewo sankavutitsa munthu. Misonkho inkapita kwa mafumu osiyana, basi. Sukulu ya mudzi inali mbali ya Thuringia, pamodzi ndi nyumba yomwera mowa ndi kudyeramo, imene m'midzi ya ku Germany imagwira ntchito ya bwalo, pokumanira amuna madzulo. Lamulungu mudzi wonse unkayenda kupita kutchalitchi ku Töpen, mbali ya Bavaria. Amuna a mbali zonse ziwiri ankaimba m'kwaya imodzi. Ankakwatirana, ankabwerekana zipangizo zaulimi, ana ankasewera m'madzi omwewo amene mafumu ankati ndi malire.

Tsoka linabwera ndi kutha kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu 1944, nkhondo isanathe, mayiko amene ankamenyana ndi Hitler anakhala pansi ku London n'kugwirizana mmene adzagawanire Germany akamugonjetsa. Sanavutike kujambula mizere yatsopano paliponse, anatsata malire akale a zigawo. Bavaria inagwera m'manja mwa America, Thuringia m'manja mwa Soviet Union. Pa mapu aakulu amene ankagwiritsa ntchito, mudzi wa anthu ochepa chonchi sunkaoneka n'kadontho komwe. Ife a ku Africa nkhani yotere si yachilendo: Achewa ali ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique chifukwa cha mizere imene atsamunda anajambula, monga imene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891, eni nthaka osafunsidwa. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu, ndipo zikamagawana msipu udzuwo saufunsanso.

Mu 1945 asilikali a ku America ndiwo anayamba kufika m'mudzimo. M'mwezi wa Julayi anachoka ku Thuringia monga mwa pangano, asilikali a Soviet Union n'kulowa, ndipo kwa chaka chathunthu anakhala m'mudzi wonse, ngakhale mbali ya Bavaria, kufikira mu 1946 pamene anabwerera kutsidya kwa kamtsinje. Mu 1949 panabadwa mayiko awiri, West Germany (kumadzulo, kumene kunali Bavaria) ndi East Germany (kum'mawa, dziko la chikomyunizimu, kumene kunali Thuringia), ndipo Tannbach inakhala malire a mayiko. Komabe m'zaka zoyambirirazo munthu wokhala ndi chiphaso ankatha kuwoloka. Mlimi ankapitabe kumunda wake wa kutsidya, ndipo achibale ankaonanabe.

Chaka chimene chinasintha zonse ndi 1952. Anthu ambiri akamva za kugawika kwa Germany amaganiza za khoma la Berlin la mu 1961, koma kumidzi chitseko chinatsekedwa zaka 9 khomalo lisanamangidwe. Pa 26 Meyi 1952 boma la East Germany linalamula kuti malire onse ndi West Germany, otalika pafupifupi makilomita 1,400, atsekedwe. Pamalire penipeni anasiya kamzere ka mamita 10 kamene ankalima n'kusalaza bwinobwino kuti phazi lililonse lopondapo lioneke. Kuseri kwake kunali dera la mamita 500 loyang'aniridwa usana ndi usiku, ndiye kenako dera la makilomita 5 limene munthu sankalowamo popanda chilolezo chapadera. Mbali ya kum'mawa ya Mödlareuth inapezeka m'kati mwenimweni mwa mamita 500 aja. Pakati pa mudzi anamanga mpanda wa matabwa wotalika kuposa munthu.

M'masabata omwewo boma linayamba kusamutsa mokakamiza anthu a m'malire amene linkawakayikira. Ntchitoyi anaipatsa dzina lakuti Aktion Ungeziefer, ndipo mawu akuti Ungeziefer amatanthauza tizilombo tosautsa m'nyumba, monga nsikidzi ndi mphemvu. Ndinaima nthawi yaitali patsogolo pa chikwangwani chofotokoza zimenezi. Anthu oposa 8,000 anachotsedwa m'makomo mwawo chaka chimenecho, ambiri atangopatsidwa maola ochepa kuti amange katundu, n'kuwakweza m'malole kupita kumadera amene sankadziwako munthu. Boma likayamba kutchula anthu ake dzina la tizilombo ndiye kuti lamaliza kale kudziuza kuti chilichonse chimene liwachite n'chololedwa, ndipo zimenezi zinachitika patangopita zaka 7 chithere ulamuliro wa Nazi umene unkalankhula chimodzimodzi.

Ku Mödlareuth mabanja ena anatengedwa. Banja limene linkakhala pa chigayo cha kumtunda, chigayo choyendera madzi chimene chinali pamalire penipeni, linatha kuthawira mbali ya Bavaria pa mphindi yomaliza, ndipo pambuyo pake chigayocho anachigumula. Lero pamalopo pali maziko okha pakati pa udzu. Aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa kuti chigayo si makina chabe. Ndi pamene amayi amakumana, pamene mbiri ya ukwati ndi ya maliro imayambira kufala. Mudzi ukataya chigayo umataya pakamwa pake.

Mpanda wa matabwa uja unalowedwa m'malo ndi wa waya, wawaya n'kuuwonjezera, mpaka mu 1966 asilikali anamanga khoma la konkire lotalika mamita 700 m'litali, lofanana ndi la ku Berlin. Analipaka laimu woyera kuti chithunzithunzi cha munthu chizionekera patali. Panali nsanja za alonda, ndipo usiku magetsi ankawala ngati masana. Asilikali a ku America amene ankalondera mbali ya kumadzulo anaupatsa mudziwu dzina lakuti Little Berlin, kutanthauza Berlin wamng'ono, ndipo dzinali linakanirira mpaka lero.

Chigawo cha khomalo, pafupifupi mamita 100, anachisiya dala chili chiimire. Ndinayenda m'mbali mwake, mbali ya kum'mawa. Ukaima pafupi suona chilichonse cha kutsidya kupatula nsonga za madenga ndi utsi wotuluka m'machumuni. Pamwamba pake anaikapo chinthu chobulungira ngati paipi kuti dzanja lisapeze pogwira. Ndinayesa kutambasula mkono, zala zanga sizinafike n'pafupi pomwe. Koma phokoso limadutsa. Pamene ndinali chiimire, tsidya linalo galu anauwa, wina n'kutseka chitseko cha galimoto, ndipo ndinamva zonse bwinobwino ngati zachitikira pambali panga. Apo m'pamene ndinamvetsa chimene anthu a m'mudzimu anapirira. Mnansi wako sanapite kutali. Tambala wake ukumumva, thirakitala yake ikalira m'mawa ukudziwa kuti wadzuka, koma sungamuone, sungamufunse kuti wadzuka bwanji.

Ndipo apa ndi pamene pagona nkhani imene yandilembetsa zonsezi. Anthu a mbali ya kum'mawa ankaletsedwa kupereka moni kwa a kutsidya. Mudziwu uli m'chigwa, choncho munthu akakwera kumtunda pang'ono, kumunda kapena pamsewu, ankatha kuona mbali inayo pamwamba pa khoma. Ankatha kumuona mchimwene wake akudula udzu wa ng'ombe. Koma kukweza dzanja, kuitana dzina, ngakhale kugwedeza mutu moonekera, unali mlandu. Chilango chimene aliyense ankachiopa chinali chija cha mu 1952: kutchedwa wosadalirika n'kusamutsidwa. Choncho wa kumadzulo akabayibitsa, wa kum'mawa ankayang'ana pansi n'kupitiriza ntchito yake.

Taganizani zimenezi ndi mtima wa kwathu. Ife munthu akakudutsa osapereka moni timati pali chifukwa, ndipo madzulo nkhaniyo imafika kwa akuluakulu. Mwana wosadziwa kulonjera timati sanaleredwe. Moni ndiye poyambira umunthu, ndi njira youzira mnzako kuti ndakuona, ulipo, ndiwe munthu. Tsono boma linaphunzitsa anthu achikulire, obatizidwa m'tchalitchi chimodzi, ophunzira m'kalasi imodzi, kuti azionana n'kumachita ngati sanaonane, chaka ndi chaka kwa zaka 37. Mfuti ndi mabomba okwirira a m'malire a Germany zinapha anthu ambiri, ndipo zimenezo siziyenera kuchepetsedwa. Koma ine chimene chimandibaya kwambiri ndi dzanja limene linkafuna kukwera lokha, mwini wake n'kulibweza m'thumba.

M'mudzimu munali abale awiri a bere limodzi, wina nyumba yake mbali iyi, wina mbali inayo, mtunda woti munthu amayenda mphindi zochepa. Kuti aonane pankafunika zikalata, kudikira, ndi ulendo wautali wozungulira kudzera pachipata chovomerezeka cha malire. Kuyambira mu 1964 boma la kum'mawa linkalola okalamba opuma pa ntchito kukacheza kumadzulo, ndipo m'zaka za m'ma 1970 a kumadzulo okhala kufupi ndi malire anayamba kuloledwa kukacheza tsiku limodzi kum'mawa. Koma dera loletsedwa lija linali lotsekedwabe kwa iwo. Wa kumadzulo ankatha kulowa m'dziko la East Germany n'kukakumana ndi m'bale wake m'tauni ina, koma osaponda pakhomo pamene anabadwira, pamene ankapaona tsiku lililonse ali pazenera la nyumba yake. Kwathu, kumene maliro a mnansi amaimitsa ntchito ya mudzi wonse, n'zovuta kumvetsa kuti munthu angaone anthu ovala zakuda akusonkhana pabwalo la tsidya lina, n'kudziwa kuti wina wapita, iye osatha kukakhala nawo pansi.

M'zaka zonse za khomalo munthu mmodzi yekha ndiye anakwanitsa kulidumpha pa Mödlareuth. Munali mu 1973. Anali dalaivala amene anali ndi chilolezo cholowera m'dera loletsedwa chifukwa cha ntchito yake. Anafika ndi galimoto pafupi ndi chigayo cha kumunsi, n'kuimika makwerero pakhoma, n'kugwera mbali ya Bavaria. Yankho la boma linali kugumula chigayo chachiwiricho n'kukhwimitsa mpanda pamalopo. Zigayo zonse ziwiri za mudzi zinatha motero.

Mbali ya kumadzulo moyo unali wamtundu wina, koma nawonso sunali wabwinobwino. Mudzi unasanduka malo okaona. Mabasi ankabwera ndi ana asukulu, asilikali ndi alendo ochokera kutali, onse kudzasuzumira dziko la chikomyunizimu ndi makamera. Mu 1983 kunabwera George Bush wamkulu, pa nthawiyo ali wachiwiri kwa pulezidenti wa America, ndipo ananena m'Chijeremani kuti "Ich bin ein Mödlareuther", kutanthauza kuti iyenso ndi wa ku Mödlareuth, potsanzira zimene John F. Kennedy ananena ku Berlin mu 1963. Sindikukayika kuti mawuwo anawalimbitsa mtima amene anawamva. Koma mlendo ndi mame. Iye anakwera ndege n'kubwerera kwawo, ndipo khoma linakhalapobe zaka zina 6, alimi a mbali zonse akukama ng'ombe zawo pansi pa magetsi a alonda.

Chaka cha 1989 dera la Hof linaona zambiri. Pa 1 Okutobala masitima onyamula anthu a ku East Germany amene anathawira ku ofesi ya kazembe wa West Germany ku Prague, likulu la dziko la Czechoslovakia pa nthawiyo, anafika pa siteshoni ya Hof, anthu akulira ndi kukumbatirana. Pa 9 Novembala khoma la Berlin linatseguka, dziko lonse likuonera pa TV. Koma ku Mödlareuth khoma linali chiimire. Anthu a kum'mawa tsopano ankatha kupita kumadzulo, inde, koma pozungulira mtunda wautali kuti akafike pakhomo limene ankaliona ndi maso. Mwezi wathunthu unatha choncho. Anthu a m'mudzimo anayamba kusonkhana pakhoma ndi makandulo, akufuula kuti litsegulidwe, anthu omwe aja amene kwa zaka zambiri sankayerekeza kukweza dzanja. Pa 9 Disembala 1989 anaboola mpata pakhomalo, woti anthu oyenda pansi adutsepo. Zithunzi za tsikulo zili m'nyumba yosungiramo mbiri: chipale chofewa pansi, anthu atavala zipewa ndi majasi, khamu likukankhana pa kampata kakang'ono, nkhalamba zikugwirana nkhope.

Tsiku lomwelo, mu mzinda wa Hof, anthu oteteza chilengedwe ochokera mbali zonse ziwiri anakumana n'kugwirizana kuti mzere wonse wa malire usungidwe ngati malo a zomera ndi nyama. Anali ataona kuti m'dera limene munthu sankapondamo kwa zaka 40 mbalame ndi maluwa osowa zinachulukana. Mzerewo lero amautcha Grünes Band, lamba wobiriwira, ndipo umadutsa pa Mödlareuth pomwepa. Msewu wa konkire umene magalimoto a alonda ankayendamo tsopano ndi njira ya anthu okwera njinga ndi oyenda ulendo wapansi.

Khoma lenileni analigwetsa pa 17 Juni 1990, tsiku lokumbukira kuukira kwa anthu a ku East Germany kwa mu 1953, ndipo pa 3 Okutobala chaka chomwecho Germany inakhalanso dziko limodzi. Mwamwayi panali ena amene anaganiza msanga kuti zonse zikachotsedwa, adzukulu sadzakhulupirira. Anasiya chigawo chija cha khoma, nsanja, mipanda ya waya ndi magetsi, n'kukhazikitsa nyumba ya mbiri yotchedwa Deutsch-Deutsches Museum Mödlareuth. Pafupi ndi poimika magalimoto pali kasinja wa nkhondo wa Soviet Union, ndipo m'shedi ina muli magalimoto a alonda a mbali zonse ziwiri. Alendo masauzande ambiri amabwera chaka chilichonse m'mudzi wa anthu osakwana 50. Zankhondozo ndinangozidutsa. Chimene chinandigwira ndi zinthu zing'onozing'ono za m'magalasi: ziphaso zokhala ndi zidindo, zimene munthu ankayenera kuonetsa kuti alowe m'mudzi wa kwawo.

Pamene anthu a ku Mozambique ankathawa nkhondo m'zaka za m'ma 1980, ambiri anangowoloka msewu uja wa kwathu n'kupeza malo pakati pa abale awo a ku Ntcheu ndi ku Dedza. Ndikukumbuka misasa yawo, ndiponso ana amene tinkaphunzira nawo osadziwa kuti ndi othawa kwawo, poti chilankhulo chinali chimodzi ndipo mafuko anali omwewo. Zaka zomwezo, ku Ulaya, m'dziko lolemera ndi lophunzira, m'bale sankatha kubayibitsa m'bale wake. Ndili chiimire pa Tannbach ndinathokoza mumtima kuti msewu wa ku Lizulu sunamerepo khoma, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti zimenezo sizinali zokhazikika ngati phiri. Miyala ya KB ndi FR nayonso inakhala zaka zoposa 100 osavulaza munthu.

Lero mudziwu ndi umodzi, koma pa mapepala ukadali pawiri. Mbali ya Bavaria ili pansi pa khonsolo ya Töpen, ya Thuringia pansi pa tauni ya Gefell. Manambala a positi ndi osiyana, manambala oyambira a foni ndi osiyana, magalimoto a mbali iyi ali ndi zilembo HO pamene a mbali inayo ali ndi SOK. Ana amapita kusukulu zosiyana ndipo matchuthi awo sagwera nthawi imodzi, chifukwa ku Germany chigawo chilichonse chimayendetsa chokha maphunziro. Pa chisankho amavotera malo osiyana. Koma zikondwerero za mudzi amachitira limodzi. Ngakhale moni amene anabwerera uja ali pawiri: a ku Bavaria amakonda kunena kuti "Grüß Gott", moni wotchula Mulungu, pamene a ku Thuringia amati "Guten Tag", kufunirana tsiku labwino. Mnzanga anandiphunzitsa onse awiri tili m'galimoto, n'kundiuza kuti ndizimvetsera kaye mwini mudzi ayambe.

Dzuwa litapendeka, mabasi a ana asukulu atachoka, mudzi unangoti zii. Ndinatsikiranso kukamtsinje kuja n'kuwoloka pa kamlatho, masitepe atatu okha. Kumtunda pang'ono mayi wina wachikulire, wovala nsapato za mphira ndi juzi yobiriwira, ankasesa masamba ogwa pakhomo pake n'kumawathira mu wilibala. Msinkhu wake unali woti khomalo analiona likumangidwa. Nditayandikira anaimika tsache, n'kundiyang'ana, mlendo wakuda amene sanamuonepo, n'kukweza dzanja lake lamanja mpaka paphewa.

"Guten Tag," anatero.

Ndinavula chipewa, monga ndikanachitira kwa agogo a kwathu, n'kuwayankha. Anagwedeza mutu, n'kutolanso tsache lawo, ndipo ine ndinapitiriza kukwera kamtunda kupita kumene mnzanga anaimika galimoto.